Mbale yasweka, koma waiswa ndani?

Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali m'chaka chomaliza ku sukulu ina ya ukachenjede, anabwera kuno ku Mulanje pa tchuthi atanyamula mapepala a kafukufuku wake. Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka ndipo mitambo itayamba kuphimba Chambe, anadzakhala nane pakhonde n'kuyala mapepalawo pa tebulo lomwe ndimachongerapo makope a ana asukulu. Masamba onse anali psuu ndi cholembera chofiira cha mphunzitsi amene akumuyang'anira pa kafukufukuyo, ndipo mtsikanayu ankaoneka wothedwa nzeru. "Amalume," anatero, "inu mumaphunzitsa ana kulemba chimangirizo, tandithandizani kuchotsa paliponse pamene ndalemba kuti 'ine' kapena 'ndinaona', chifukwa anzanga akuti chimenecho ndicho chawakwiyitsa adokotala. Akuti kafukufuku salemba choncho."

Ndinawerenga masambawo mpaka kunja kunada, ndipo ndinapeza kuti adokotalawo, mphunzitsi womuyang'anira uja, sanadule mzere pansi pa "ine" ngakhale mmodzi. Zomwe analemba m'mphepete mwa masamba anali mafunso afupiafupi, obwerezabwereza: ananena zimenezi ndani, mwadziwa bwanji, anthu angati, liti. Kafukufuku wa mtsikanayu ndi wokhudza mmene anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje amafotokozera zomwe zinachitika m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri, madzi ndi miyala n'kutsika kudzakokolola nyumba, minda ndi anthu kuno kwathu, ku Phalombe, ku Chilobwe ndi m'madera ena a chigawo cha kummwera. Ena mwa omwe anapita ndi madziwo anali anthu owadziwa, ndipo nkhani yotere ndi imene imamuyesa wolemba ngati angathe kuugwira mtima pamene dzanja lagwira cholembera.

Chimene ndinaona usiku umenewo ndi chimene ndakhala ndikuchiona kwa ophunzira ambiri, ndipo ndicho chandichititsa kulemba nkhani ino. Pali zinthu ziwiri zimene aphunzitsi a ku yunivesite amafuna kwa wolemba, ndipo ana athu amazisakaniza ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Choyamba ndi kulemba mwamwambo, kutanthauza kusankha mawu odekha, omveka chimodzimodzi kwa aliyense, opanda nthabwala ndi zining'a za pamsika. Chachiwiri ndi kusakondera, kutanthauza kuti mfundo iliyonse iime pa umboni umene munthu wina angathe kuutsata n'kuupeza, ndiponso kuti wolemba asapotoze zimene wapeza pofuna kuti zigwirizane ndi zomwe mtima wake unafuna kale. Choyambacho ndi chovala, chachiwiricho ndi khalidwe la wovalayo. Tonse tinaonapo munthu atavala suti ndi tayi, akulankhula mwaulemu wonse, koma akunama pabwalo la milandu. Ana athu ambiri timawatumiza ku ukachenjede titawaphunzitsa kuvala kokha, ndipo akafika kumeneko amaganiza kuti akachotsa "ine" n'kuikapo mawu aatali a Chingerezi ndiye kuti afika pa choona.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikupeputsa mwambo wa kalembedwe, pakuti uli ndi ntchito yake yeniyeni. Wolemba kafukufuku amalembera munthu amene sadzakumana naye, amene mwina ali ku Lilongwe, ku Nairobi kapena ku London, ndiponso amene adzawerenge patapita zaka makumi awiri, wolembayo palibe woti amufunse kuti ankatanthauza chiyani. Ndikamacheza ndi mnzanga pa Chitakale ndingathe kunena kuti mkungudza watha m'phirimu, iye n'kumva bwinobwino. Koma dzina lomwelo ena amatchulira mitengo ina yobzalidwa yofanana nawo, ndiye wofufuza amayenera kulemba dzina limene akatswiri a zomera anagwirizana, Widdringtonia whytei, kuti aliyense adziwe kuti akunena mtengo wa fuko lathu uja, umene kwawo kwenikweni ndi pamwamba pa phiri lino. Chimodzimodzinso, kunena kuti phiri lathu ndi lalitali zedi n'kokwanira pocheza, koma papepala timalemba kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, chifukwa "zedi" wa munthu wa ku Nsanje ndi wosiyana ndi "zedi" wa munthu wa ku Nyika. Mwambo wa kalembedwe unabadwa pofuna kuchitira chifundo wowerenga wakutali, kuti asasochere.

Pa chifukwa chomwecho, mwambi suloledwa kukhala umboni. Ine ndimaikonda miyambi ndipo ndimaiphunzitsa chaka ndi chaka, koma mwambi umamanga nkhani imene anthu agwirizana kale, pamene kafukufuku amalembera munthu amene sanavomere ndipo ali ndi ufulu wokana mpaka atasonyezedwa. Mawu okokomeza nawonso, monga "aliyense akudziwa" kapena "n'zosachita kufunsa", amangotseka pakamwa wowerenga popanda kumupatsa kanthu.

Tsono ndifike pa chimene chinandigwira mtima m'mapepala aja. Aliyense amene anaphunzira malamulo a Chichewa ku sekondale akukumbukira misintho ya aneni: wochitira, wochititsa, wochitidwa ndi ina yotero. Pakati pa imeneyi pali umodzi umene dzina lake ndimalikonda kwambiri, msintho wam'chibisira. Mwana akagwetsa mbale kukhitchini sabwera kudzanena kuti ndaswa mbale, amati mbale yasweka. Mawuwo ndi oona, pakuti mbaleyo yaswekadi, ndipo ndi aulemu, opanda phokoso. Koma mayi aliyense amadziwa kuti m'chiganizo chimenecho muli munthu amene wabisala, n'chifukwa chake amafunsa nthawi yomweyo kuti yasweka yokha kodi. Amene anaupatsa dzina msinthowu anaona patali, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kubisa wochita. Msintho wochitidwa nawonso ungathe kugwira ntchito yomweyo tikausiya wopanda mwini: mbale yaswedwa, ndalama zinadyedwa, anthu anasamutsidwa.

Mapepala a mwana wa mlongo wangayu, ngakhale anali m'Chingerezi, anali odzaza ndi mbale zosweka zokha. Chiganizo chimodzi, ndikachimasulira, chinkati zimakhulupiriridwa kuti mitengo inatha m'phiri ndipo kunaoneka kuti chenjezo silinaperekedwe pa nthawi yake. Ndinamufunsa kuti amakhulupirira ndani, anaona ndani, ndipo amene ankayenera kupereka chenjezolo ndani. Anandiyankha bwinobwino, mopanda kudodoma: zoti mitengo inatha anamva kwa abambo ena opala matabwa ndi amayi otola nkhuni amene anacheza nawo, ndipo za chenjezo anamva kwa mabanja a m'mudzi umodzi okha, pamene a m'mudzi wina anamuuza kuti iwo anamva pa wailesi koma analibe kolowera. Zonsezi anali nazo m'kope mwake. Anazichotsa dala polemba chifukwa ankaganiza kuti kutchula amene ananena ndiponso kuvomera kuti iye ndiye anafunsa n'kulemba kwachibwana. Pofuna kumveka ngati wophunzira, anataya umboni weniweniwo n'kutsala ndi mawu oyandama opanda mwini, ndipo anakwirira kusiyana kwa midzi iwiri ija, kumene kunali chinthu chofunika kwambiri pa zonse zimene anapeza.

Lamulo loti wofufuza asadzitchule si lakale monga ambiri amaganizira, ndipo silinakhalepo lamulo la aliyense. Bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, lomwe linakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1660, linasankha mawu a Chilatini akuti Nullius in verba kukhala mbendera yake, kutanthauza kuti usavomere chinthu chifukwa chongoti wakutiwakuti wanena. Magazini yawo ya Philosophical Transactions inayamba kutuluka mu 1665, ndipo olembamo ankafotokoza poyera zimene iwo eni anachita ndi manja awo. Isaac Newton, m'kalata yake ya mu 1672 yonena za kuwala ndi mitundu yake, analemba monga munthu amene akusimba zimene anachita yekha m'chipinda chake chamdima ndi galasi la ngodya zitatu, cholinga chake chikhale choti wina akayesenso n'kuona ngati angapeze zomwezo. James Watson ndi Francis Crick, polengeza kapangidwe ka DNA, chinthu cha m'thupi chimene chimasunga chibadwa cha zamoyo, m'magazini ya Nature mu 1953, anayamba ndi liwu lotanthauza "ife". Masiku ano buku la malangizo a kalembedwe la APA, limene ophunzira ambiri m'dziko muno amauzidwa kutsatira, limalimbikitsa wolemba kunena kuti "ndinachita" pofotokoza ntchito imene anachita yekha. Zoona, pali nthambi zina za maphunziro ndi aphunzitsi ena amene amafunabe kuti wolemba asaonekere, ndipo wophunzira wanzeru amafunsa kaye zimene a kunthambi kwake amafuna n'kutsatira. Koma atsatire akudziwa kuti chimenecho ndi chizolowezi cha nyumba imene walowa, ndipo pachokha sichisandutsa bodza kukhala choona.

Ife a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tili ndi chifukwa chathuchathu chokayikira kalembedwe kodekha, chifukwa makolo athu analembedwapo m'kalembedwe koteroko. Alomwe atayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akuthawa nkhanza, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ambiri anadzakhala m'minda ikuluikulu ya azungu, ndipo ndi manja awo amene anakuza ulimi wa tiyi umene lero timanyadira. Malipoti a boma la atsamunda ndi mabuku a kalembera ankawatchula ndi dzina loti Anguru, dzina limene eni ake ankalimva ngati chitonzo. Agogo anga aamuna, amene anatchola tiyi mpaka msana unapindika, sankafuna kulimva dzina limeneli pakhomo pawo. Panafunika kuti anthu monga Lewis Bandawe ndi anzake a bungwe la Lomwe Tribal Society alimbane m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lisiye kulilemba. Malipoti amenewo anali amwambo kotheratu, okhala ndi mitu, manambala ndi masiku, opanda liwu lotukwana ngakhale limodzi malinga ndi mmene olembawo ankaonera. Koma tsankho linali litakhala kale m'dzina limene anasankha, ndipo kudekha kwa chiganizo kunkangolithandiza kuti lioneke ngati nzeru.

Liwu loti thangata nalonso lili ndi mbiri yomweyo. Kuthangata n'kuthandiza, monga mmene anthu ankathandizirana kulima kapena kugwira ntchito ya kwa mfumu. Eni minda anatenga liwu labwinoli n'kutchulira ntchito imene munthu wokhala pa malo awo ankakakamizidwa kugwira m'malo mwa lendi, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja imene munda wake womwe unkamufuna, ndipo akakana ankatha kuthamangitsidwa pamalopo ndi banja lake. Papepala zinkalembedwa ngati mgwirizano wa lendi pakati pa mwini malo ndi wobwereka, mawu oyera opanda magazi. Koma thangata anali chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915, anali m'kati mwa zipolowe za ku Thyolo mu 1953, ndipo anathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ufulu utayandikira. Wophunzira amene angawerenge mapepala akale amenewo n'kuwakhulupirira chifukwa choti alembedwa modekha adzakhala atatenga mbali ya mwini munda asakudziwa. Ndimanena zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa zidzukulu za anthu omwe analembedwa motero ndizo lero zikuphunzira ku yunivesite ya MUST pa Ndata, m'boma lomwelo la Thyolo, ndiponso ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo cholembera tsopano chili m'manja mwawo.

N'chifukwa chake ndinaima nthawi yaitali pa chiganizo china cha mtsikanayu, chimene chinkati anthu akumudzi amawononga chilengedwe chifukwa cha kusazindikira. M'Chingerezi chake chinkamveka bwino kwambiri, ngati cha m'buku. Ndinamufunsa ngati mwa anthu amene anacheza nawo analipo ngakhale mmodzi amene sankadziwa kuti kudula mitengo pamalo otsetsereka kumagugitsa nthaka. Anakhala chete pang'ono, kenako anati onse ankadziwa, ndipo ena anamufotokozera bwino kuposa mmene iye akanafotokozera, koma anamuuzanso kuti minda yawo ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa tiyi ndi phiri, ndipo mtolo wa nkhuni kapena thumba la makala ndilo limagula ufa. Liwu loti kusazindikira sanalitole m'mudzi, analitola m'zolemba za anthu ena n'kulivala chifukwa linkaoneka lophunzira. Limeneli linali tsankho lenileni, loposa "ine" aliyense amene akanalemba, ndipo linali tsankho lotsutsa anthu a kwawo komwe.

Pomufotokozera tanthauzo la kusakondera sindinafune buku lililonse, ndinangomukumbutsa za bwalo la kwa mfumu, kumene anapitako kangapo ali wamng'ono poperekeza mayi ake. Pabwalo pali mwambo: munthu salankhula asanapatsidwe mpata, amayamba ndi kupereka ulemu kwa mfumu ndi nduna zake, satukwana ngakhale mnzakeyo atamulakwira chotani. Koma mwambowo suweruza mlandu. Mboni ikaimirira, nduna imaifunsa kuti kodi munaona ndi maso anu kapena munangomva, ndipo ikati ndinamva, funso lotsatira ndi lakuti munamva kwa yani. Chilankhulo chathu chimasiyanitsa bwino "ndinaona", "anandiuza" ndi "akuti", ndipo wamkulu aliyense amadziwa kuti "akuti" ndi wopepuka pa atatuwa. Mfumu yabwino siweruza itamva mbali imodzi, ndipo imalola mboni yotsutsa kulankhula mpaka kumaliza. Zimene ophunzira amavutika nazo, zotchula dzina la wolemba ndi chaka cha buku pambuyo pa mfundo iliyonse yobwereka, ndi yankho chabe la funso la nduna lija lakuti munamva kwa yani. Ndipo kutchula zolemba zimene zikutsutsana ndi maganizo ako ndiko kupatsa mpata mboni ya mbali inayo. Zimandipweteka kuona ana athu akuganiza kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo, yobwera ndi Chingerezi, pamene agogo awo amaigwiritsa ntchito pansi pa mtengo sabata ndi sabata.

Pabwalo pomwepo ndi pamene timamvanso kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mfumu yanzeru, mlandu ukakhudza mbale wake, imanena poyera kapena kupempha ena kuti athandize kuweruza. Mtsikanayu ndi mwana wa kuno, akufufuza za tsoka limene linagwera anthu ake. Ankaopa kuti akaulula zimenezi ntchito yake ipepuka, ndiye anazibisa. Ndinamuuza kuti azilembe m'ndime imodzi yodekha: kuti anabadwira m'derali, kuti ena mwa ofunsidwa ankamudziwa, kuti zimenezi zinamutsegulira makomo amene mlendo sakanalowa, komanso kuti mwina ena anamubisira zina chifukwa chomuona ngati mwana wa pakhomo. Palibe munthu amene amayang'ana dziko ali m'malere. Aliyense waima penapake, ndipo wowerenga akauzidwa pamene wolemba waima amatha kudziyezera yekha kulemera kwa umboniwo.

Gawo limene linativuta kwambiri tonse awiri linali la napolo. Anthu ambiri amene anacheza nawo, makamaka achikulire, anamuuza kuti chimene chinadutsa usiku uja ndi napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka n'kutsika ndi madzi. Dzinali si lachilendo, pakuti ndi lomwe anthu anatchulira zimene zinachitika ku Zomba mu 1946 ndiponso ku Phalombe mu 1991. Polemba koyamba iye anaika nkhaniyi m'chiganizo chimodzi chonyoza, chonena za zikhulupiriro zachikale zimene zikulepheretsa chitukuko. Wolemba wina akanatha kugwera mbali inayo n'kulemba ngati kuti chinjokacho wachiona. Njira zonse ziwirizi ndi kukondera. Chimene wofufuza angathe kuikira umboni ndi chakuti anthu akutiakuti, a msinkhu wakutiwakuti, anafotokoza motere, m'mawu awa. Pambali pake aike zimene akatswiri a nyengo ndi nthaka amanena, kuti mvula yamphamvu ikagwa masiku angapo osalekeza, nthaka ya pamalo otsetsereka imakhuta madzi, imalemera n'kuleka kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, kenako imatsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Freddy anali namondwe amene bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala nthawi yaitali kuposa wina aliyense wolembedwa m'mbiri, masiku 36. Akaika ziwirizi moyandikana, funso lothandiza limatulukira lokha: kodi amene amati napolo amazindikira zizindikiro ziti tsoka lisanafike, ndipo zizindikirozo zingathandize bwanji pochenjeza anthu? Funso limeneli munthu wonyoza sangalifunse, chifukwa anaweruza kale mlandu asanamve mboni.

M'kope mwake munali mawu a gogo wina amene anamuuza kuti phiri linalira usiku wonse ngati galimoto zolemera zikudutsa pansi pa nthaka, ndipo fungo la dothi linafika m'nyumba madzi asanafike. M'pepala la Chingerezi mawu amenewa anasanduka akuti ofunsidwa ena anasonyeza kuti kunamveka phokoso. Apa ndi pamene mwambo wa kalembedwe umaba zinthu ngati wolemba sasamala. Ofufuza athu amafunsa m'Chichewa, nthawi zina m'Chilomwe kapena m'Chiyao, koma amalemba m'Chingerezi, ndipo pa mlatho umenewo mawu a anthu amasalazidwa mpaka onse kumamveka ngati munthu mmodzi wa mu ofesi. Fungo la dothi lija linali umboni, mwinanso chizindikiro chopulumutsa moyo, ndipo linatayika chifukwa silinkamveka laukachenjede. Kudekha kumafunika m'mawu a wolemba mwini. Mawu a mboni ayenera kusungidwa mmene anatulukira, m'chilankhulo chomwe ananenedwera, kumasulira kukhale pambali pake, dzina la gogoyo lokha ndilo libisidwe monga mmene malamulo oteteza ofunsidwa amanenera ndiponso monga anamulonjezera pomupempha chilolezo.

Za kukula kwa mfundo sitinachedwepo. Iye anacheza ndi anthu a m'midzi yowerengeka, koma pomaliza analemba za Amalawi. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo boma la Mulanje lokha linali ndi anthu oposa 680,000. Mfundo iyenera kukhala yofanana msinkhu ndi umboni wake. Mawu monga "mwina" ndi "zikuoneka kuti" ali ndi malo ake pamene umboni uli wochepa, koma akamwazidwa pa chiganizo chilichonse chifukwa cha mantha amasandukanso m'chibisira wina, wobisalamo wolemba amene sakufuna kugwidwa pa mawu alionse. Pamene waona ndi maso ndipo wawerenga bwino, anene molimba.

Pa zonsezi ife aphunzitsi a ku sekondale tili ndi mbali yathu, ndipo ine ndili m'gulu lomwelo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikupereka malikisi ochuluka kwa mwana amene wakometsera chimangirizo chake ndi mawu akuluakulu ndi miyambi itatu, osamufunsa ngati zimene wanenazo ndi zoona. Anzathu ophunzitsa Chingerezi nawonso amakondwa akaona liwu lalitali. Mwana amachoka m'manja mwathu atatsimikiza kuti kulemba bwino ndi kumveka mochititsa mantha. Kuwonjezera apo, akulemba m'chilankhulo chimene ambiri amachiopa, ndipo munthu wamantha amagwira chilichonse chooneka cholimba, n'chifukwa chake amaloweza ziganizo za m'mabuku a ena n'kumazilumikiza. Masiku ano pafoni pomwe pali zida zimene zingamulembere munthu ndime yosalala, yaulemu, yomveka yophunzira m'kanthawi kochepa, moti chovala chija chatsika mtengo kwambiri. Chimene chida chotero sichingachite ndi kupita ku Muloza kapena ku Nkhulambe kukakhala pamkeka ndi wopulumuka n'kumva za fungo la dothi. Kuyambira chaka chino ndayamba kulemba m'mphepete mwa makope a ana anga a Fomu 3 mafunso omwe aja a adokotala, m'Chichewa: wanena ndani, wadziwa bwanji. Poyamba ankadabwa, koma tsopano ena amabwera atayankhiratu.

Ndi mtsikanayu tinagwirizana njira imodzi yosavuta. Ndime iliyonse ankayamba wandiuza pakamwa m'Chichewa, ngati akuuza mayi ake, chimene akufuna kunena. Pamene ankalephera kunena m'Chichewa tinkapeza kuti ngakhale m'Chingerezimo munalibe kanthu, munali mawu okhaokha. Pamene ankanena momveka, ndinkamufunsa funso la nduna, iye n'kutsegula kope kufuna tsamba limene pali umboniwo, ndipo akaupeza ankalemba chiganizocho m'Chingerezi chodekha, chachifupi, chokhala ndi mwini wake. Tinagwira ntchito imeneyi masiku atatu, magetsi akazima tikuunikira ndi foni. Chiganizo chija cha chenjezo chinasanduka ndime yathunthu yonena kuti iye anafunsa mabanja a midzi iwiri, kuti a mudzi woyamba anati sanamve chenjezo lililonse, kuti a mudzi wachiwiri anati anamva pa wailesi koma sanadziwe kothawira, ndiponso kuti kafukufuku wake sanafike pofufuza mbali ya amene ankapereka machenjezowo.

Panatsala funso limodzi la cholembera chofiira limene kope lake silinathe kuyankha. Pa mfundo yoti anthu anamva phiri likulira madzi asanafike, adokotala analemba kuti nthawi yaitali bwanji, ndipo iye anavomera kuti tsiku limene ankacheza ndi gogo uja misozi inamulepheretsa kufunsa. Ndinaona kuti akulingalira zongolemba kuti maola angapo, pakuti palibe akanamugwira. Anatseka kopelo osalembamo kanthu. M'mawa mwake, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi, anapempha mayi ake shuga pang'ono ndi sopo woti akapereke moni, anaika kope ndi cholembera m'chikwama, n'kukwera kabaza kubwerera kumudzi kwa gogoyo kukafunsanso.